Chigamba Chosaoneka

Zaka khumi ndi ziwiri pansi pa mtengo wa mapeyala pa Chitakale
ndakhala ndikumiza machubu m'beseni la madzi akuda,
kudikira thovu lindilozere pomwe palasa munga.
Chubu chofuna kuphulika ndimachidziwa:
chimatupa mbali imodzi ngati tsaya la mwana wobisa siwiti,
mphira nkupyapyala mpaka kunyezimira.
Mwini njinga amati, popa basi, msika wa ku Limbuli sudikira.
Ine ndimakana.

Zinayamba ndi zilonda m'kamwa.
Nanazi ndinamusiya, mchere ndinausiya.
Kenako zina kumalo kosatchula,
ndipo Felesta anagona chofulatira miyezi iwiri,
iye osafunsa, ine osayankha.
Diso lamanzere linafiira ngati katondo wa m'minda ya tiyi.

Tsiku la chiperoni, phiri litafunda bulangeti,
ndinatsokomolera pa chigamba chomwe ndinkamata.
Guluu anali asanaume.
Dafuta, mnyamata wanga, anaponya sipanala pansi.

Onse anati ndi chifuwa chachikulu.
Makhololo anakana katatu.

Ku Blantyre anandilowetsa m'makina ozungulira,
ndipo dokotala wachitsikana, wa nsapato zotha chidendene,
anatembenuzira chithunzi kwa ine
nkuyamba kusakasaka mawu.
Ndinati, musavutike adokotala, ndachiona.
Icho chubu.
Mtsempha wotengera magazi ku mapapo, wotupa mbali imodzi.

Wapopa ndani?

Anati, alonda a m'thupi mwanu momwe.
Asokonezeka mutu, akugumula khoma
la nyumba yomwe analembedwa kuti ailonde.
Nanga mpeni? Anapukusa mutu:
khoma lofewa chonchi silisunga ulusi.

Mankhwalawo sakumbidwa m'phiri, sasinjidwa mumtondo.
Akuti amaweta tamoyo tosaoneka ndi maso m'mathanki a kutali
nkumatikama ngati ng'ombe.
Kabotolo kake nkofanana ndi chala changa chachikulu
koma mtengo wake
ungagule njinga zonse za kabaza pa siteji yathu, mabelu omwe.
Wina analemba makalata. Sindimudziwa.
Ndimangomupempherera ngati mmene umapemphera mvula.

Safuna kutentha mankhwalawa.
Magetsi atathima Lachitatu lija ku chipatala cha pa boma,
namwino Nampinga anawafukata pachifuwa, kuthamanga nawo
kukawapemphera malo mufiriji ya katemera,
ine ndili pa benchi, kumvetsera mpweya wanga.

Maola awiri pa diripi.
Ndinawerenga madontho mpaka mazana atatu, ndinasokoneza.
Sanapweteke. Ndinakhumudwa pang'ono:
chinthu chodula chonchi, kulowa m'thupi ngati madzi a pampopi?
Nampinga anati, tikugoneka alonda anu,
ndiye samalani, alonda akagona mbala yeniyeni imasuzumira.
Anandipatsa mapiritsi otsekera chifuwa chachikulu khomo,
matenda omwewo omwe anandinamizira poyamba.
Tinaseka tonse awiri, ine mosamala.

M'kamwa munayamba kupola.
Felesta anasenda nanazi, nandipatsa chidutswa ndi dzanja lake,
osanena kanthu.

Chithunzi chachiwiri, tiyi ataphukiranso:
tsaya lija laphwa. Osati lonse.
Dokotala anayeza ndi kamzere, nanditchulira mamilimita
ngati mmene ine ndimatchulira saizi ya sipoko.
Kabotolo ka mwezi wa mawa kalipo.
Za kenako anayang'ana pawindo.

Ndabwerera pansi pa mtengo wa mapeyala.
Pampu anandiletsa, amapopa ndi Dafuta,
ine ndimangotsina tayala nkunena kuti basi, pakwana.
Usiku ndimaika chikhatho pachifuwa
kufufuza chigamba chomwe sindinamate ine,
chopanda guluu, chopanda m'mphepete.

Dzulo kunabwera mzibambo wa matumba atatu a chimanga,
chubu chotupa, changu chili m'maso.
Anati, chifika, amwene, chakhala chikufika.
Ndinachotsa valavu osamufunsa.
Tinaima tonse, kumvera mpweya ukutuluka.